mRDT ikati malungo mulibe koma wodwala akunjenjemera: poyambira kufufuza

Ndimagwira ntchito mu labu kuno ku Mulanje. Chaka chilichonse mvula ikakhazikika, kuyambira mu Januwale mpaka cha mu Epulo, dandaulo limene ndimamva pawindo la labu ndi limodzimodzi. Mayi amafika mwana ali kumbuyo, buku la kuchipatala lili m'manja: "Adokotala, dzulo amuyeza kumudzi akuti alibe malungo, koma tamugwirani mumve thupi. Kachipangizo kaja kananama." Madzulo ake foni imalira, a HSA akufunsa zomwezo.

Kale yankho linali lakuti bwerezani kuyeza. Masiku ano kwabwera mawu atsopano. Anthu amva kuti kuli tizilombo ta malungo tosintha chibadwa timene mRDT, kaseti ija yoyezera malungo ndi kadontho ka magazi, imalephera kutipeza, ndiye wodwala aliyense amene kaseti yamukana akuti ali ndi "tizilombo tobisala tija", LA n'kuperekedwa popanda umboni. Tizilomboto tilikodi, ndipo ndikhalapo nthawi pofotokoza za timeneti chifukwa nkhani yake ndi yaikulu. Koma pa zifukwa zonse zimene zimachititsa kuti mRDT isaonetse malungo, chimenechi chili kumapeto kwenikweni kwa mndandanda. Tikachiika kumayambiriro, mwana wa chibayo amabwerera kunyumba ndi LA m'thumba, ndipo bokosi la makaseti owonongeka limagwiritsidwabe ntchito mpaka kutha. Zonse ziwirizi ndaziona ndi maso anga.

Ndalembera makamaka a HSA, anamwino ndi anzanga a mu labu, komabe kholo lililonse likhoza kutolapo kanthu.

Pamene simuyenera kutaya nthawi ndi kaseti

Wodwala akakhala ndi chimodzi mwa izi, mutumizeni kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, kaya kaseti yaonetsa mzere umodzi kaya iwiri:

- kukomoka kapena kuphupha
- kulephera kuyamwa kapena kumwa
- kusanza chilichonse chimene walandira
- kulefukiratu, kugona kovuta kudzutsa
- kupuma mobanika, nthiti kulowa mkati popuma
- kuuma khosi
- zikhatho zoyera kwambiri, maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka
- khanda losakwana miyezi 2 limene latentha thupi

Mayi woyembekezera amene watentha thupi aonedwe kuchipatala tsiku lomwelo. A HSA amene muli ndi artesunate woika kunjira ya chimbudzi, mupatseni mwana monga munaphunzitsidwira, kenako ulendo. Mankhwalawo ndi ongomufikitsa kuchipatala, sachiza malungo paokha.

Kaseti imafufuza chiyani?

Kaseti siona kachilombo. Imafufuza puloteni yotchedwa HRP2, imene kachilombo ka Plasmodium falciparum kamatulutsira m'magazi. Zili ngati wokumba mbewa: mbewayo saiona, amadziwa kuti ilimo poona dothi latsopano ndi mapazi pa una. Mukagwira chithunzi chimenechi, mavuto awiri akuluakulu a mRDT akumveka kale. Mbewa ikhoza kuchoka mapazi n'kutsala. Komanso itakhalapo mbewa yosasiya mapazi, wokumbayo angadutse pa una osaima.

Makaseti ambiri amene timalandira m'zipatala za boma ndi a HRP2. Onani pa bokosi lanu: palembedwa HRP2 kapena HRP-II. Ena amafufuza puloteni ina yotchedwa pLDH, ena zonse ziwiri. Dziko lathu linayamba kugwiritsa ntchito mRDT m'zipatala zonse mu 2011, patatha zaka 4 chiyambireni LA mu 2007. Amene munagwira ntchito nthawi imeneyo isanafike mukukumbukira kuti kumalo opanda maikulosikopu kutentha thupi kulikonse kunali malungo. Sindikufuna tibwerere kumeneko chifukwa cha mphekesera.

Chizindikiro 1: mzere wa C sunatuluke

Mzere wa C ndi wosonyeza kuti kaseti yagwira ntchito, wa T ndi woonetsa malungo. Wa C ukasowa palibe zotsatira, ngakhale mzere wa T utaoneka. Musalembe "negetivi" m'kaundula.

1. Madzi a buffer, aja a m'kabotolo kobwera ndi makaseti, achepa, kapena adonthezedwa m'dzenje la magazi.
2. Magazi achuluka, kapena anayamba kuundana musanawaike.
3. Kaseti ndi yowonongeka.

Bwerezani ndi kaseti yatsopano. Zikachitika kawiri katatu motsatizana kuchokera m'bokosi limodzi, liikeni pambali bokosilo, lembani nambala ya loti (gulu la makaseti opangidwa pamodzi), imbani ku labu kapena ku famase.

Chizindikiro 2: zenera lafiira, kapena mzere wa T ukuoneka mwa apo ndi apo

Kawirikawiri magazi anachuluka. Kaseti imafuna kadontho kakang'ono, mamaikulolita 5 basi, ndipo kachipangizo kotengera magazi kamene kali m'bokosimo anakapanga molingana ndi muyezo umenewo. Magazi akachuluka amaphimba mzere wofooka, inu n'kuwerenga kuti mulibe. Zenera likakhala lofiira mpaka nthawi yowerengera yakwana, bwerezani.

Mzere wa T ukaoneka nthawi yowerengera isanadutse, ngakhale utakhala wofooka ngati ulusi wa kangaude, amenewo ndi malungo. Masiku a chiperoni kapena mvula ikamagwa m'chipinda mumachita mdima, choncho tulukani nayo kaseti pakhomo muione pakuwala. Koma mzere umene watuluka nthawi yolembedwa pa pepala la m'bokosi itadutsa kale, monga uja mumaupeza pa kaseti imene yakhala pa tebulo kuyambira m'mawa, musauwerengere.

Chizindikiro 3: mRDT yati mulibe, koma wodwala akuoneka wa malungo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tsatirani mndandandawu kuyambira pamwamba, musadumphe.

1. Si malungo. Ichi ndiye chifukwa chachikulu kuposa zonse. Pa Chichewa chathu mawu akuti malungo amatenga zambiri: kuphwanya m'thupi, litsipa, kuzizidwa, kutopa kwa munthu amene wathyola tiyi tsiku lonse pamvula. Wodwala akati "ndili ndi malungo" sakunama, akunena zimene akumva. Ntchito yathu ndi kupeza gwero lake.

- Werengani kupuma kwa mphindi yathunthu mwana ali phee. Kupuma ka 50 kapena kuposa kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, ndi ka 40 kapena kuposa kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, ndi chizindikiro cha chibayo.
- Onani m'khutu, kukhosi, pakhungu. Funsani za kutsegula m'mimba ndi kupweteka pokodza.
- Kwa akuluakulu amene atentha thupi masiku ambiri, ganizirani taifodi, TB, ndipo funsani ngati akudziwa mmene magazi awo alili pa HIV.

Mukapeza matenda amene simungawathe pamalo panu, tumizani. LA sachiza chibayo.

2. Kayezedwe kalakwika. Tsiku la Lolemba benchi itadzaza, manja amathamanga kuposa malangizo. Zimene ndimapeza kawirikawiri ndi izi:

- kubaya chala sipiriti asanaume
- magazi ochepa chifukwa mwana amalimbana, woyeza n'kungoti "akwana omwewa"
- madontho a buffer osakwana kapena opitirira. Chiwerengero chake chimasiyana malinga ndi kampani
- kugwiritsa ntchito buffer wa kampani ina, wa makaseti a HIV, kapena madzi a dripi botolo likatha
- kuwerenga msanga. Ena amafuna mphindi 15, ena 20. Mzere wa C umatuluka mofulumira, koma mzere wofooka wa T umachedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: lembani pa kaseti nthawi imene mwadontheza buffer, tcherani alamu pafoni
- makaseti asanu pa tebulo opanda mayina

Bwerezani kuyeza modekha, pepala la malangizo lili pambali. Ngati pali mnzanu, ayeze iyeyo inu mukuona.

3. Kaseti yapsa kapena yanyowa. Ndinalandirapo kamtsikana ka zaka ngati 4, kobwera ndi agogo ake mwezi wa Novembala. M'buku munalembedwa kuti mRDT inali negetivi masiku awiri m'mbuyomo. Nditaika silaidi pa maikulosikopu, tizilombo tinali mbwee, timphete tating'onoting'ono paliponse pamene ndasuntha. Mtima unagunda, ndinaganiza kuti tizilombo topanda HRP2 tija tafika. Ndinatenga kaseti ya m'bokosi lathu n'kuyeza magazi omwewo: mzere wa T unatuluka wakuda bii mphindi zisanakwane n'komwe. Titapita kukaona kumene mwanayo anayezedwa koyamba, katoni ya makaseti inali pamwamba pa kabati, patali chikhatho chimodzi kuchokera ku malata, m'nyumba yopanda siling'i. Nditagwira katoniyo inali yofunda ngati mbale ya nsima. Woyezayo sankadziwa, ndipo m'kanyumbamo munalibe malo ena ouma. Mwana anachira. Makaseti otsalawo tinawachotsa, ndipo tinapeza malo ena pansi pa tebulo, kutali ndi zenera.

Kuno tili ndi adani awiri, kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, ndi chinyezi cha m'phiri chimene chimalowa paliponse. Fufuzani izi:

- deti yothera ntchito
- kutentha kovomerezeka kolembedwa pa bokosi. Ena amalekeza pa madigiri 30, ena 40
- paketi yobooka kapena yotsegulidwa kale. Kaseti itsegulidwe pamene wodwala wakhala pampando, osati kutsegula khumi m'mawa pofuna kufulumira
- kathumba koyamwa chinyezi m'paketimo. Ngati ndi kosintha mtundu, yerekezani ndi zimene pepala likunena
- katoni imene inanyowapo, ngakhale itauma. Amene tinaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa mmene makatoni amaonekera akauma, ngati palibe chinachitika

4. Tizilombo tikadali tochepa. Makaseti amayesedwa mphamvu pa tizilombo 200 mu maikulolita imodzi ya magazi. Tikachepera pamenepo, kaseti yabwinobwino ikhoza kuphonya. Zimachitika wodwala akabwera matenda atangoyamba. Ngati palibe chizindikiro choopsa, tsitsani kutentha thupi, uzani kholo momveka kuti abwerenso mawa kapena mkuja thupi likapanda kuzizira, ndipo abwere msanga zinthu zikasintha. Akabwera, yezaninso kapena tumizani ku silaidi.

5. Ndi mtundu wina wa kachilombo. Malungo ochuluka kuno ndi a falciparum, koma Plasmodium malariae ndi Plasmodium ovale aliponso pang'ono, ndipo amenewa sapanga HRP2 chibadwire. Silaidi ndiyo imawapeza. Za mankhwala asiyireni a kiliniko.

6. Tizilombo tachulukitsa. Izi sizichitika kawirikawiri koma n'zoopsa. HRP2 ikachuluka mopyola muyezo imapanikizana pa kaseti, ngati anthu olimbirana khomo la minibasi mpaka wolowa osaoneka, ndipo mzere umatuluka wofooka kwambiri, nthawi zina osaoneka. Wodwala wotere amakhala wodwalika ndithu. N'chifukwa chake ndinayamba ndi zizindikiro zoopsa zija.

7. Kachilombo kanataya jini ya HRP2. Tikamati jini kapena majini pano sitikunena mizimu ayi. Jini ndi kachigawo ka DNA, malangizo a chibadwa amene chamoyo chilichonse chimatengera kwa makolo ake. Malangizo opangira HRP2 ali pa jini yotchedwa pfhrp2. Ilinso ndi m'bale wake, pfhrp3, yopanga puloteni yofanana nayo, HRP3. Tizilombo tina ta falciparum tinataya jini imodzi kapena zonse ziwiri, koma tili moyo, tikudwalitsa anthu, ndipo udzudzu ukutinyamula ngati tinzake tonse. Ikasowa pfhrp2 yokha, nthawi zina HRP3 imagwirira ntchito m'bale wakeyo n'kutulutsa mzere, makamaka tizilombo tikachuluka. Zikasowa zonse ziwiri, kaseti ya HRP2 siona kanthu, ngakhale silaidi itadzaza.

Nkhaniyi inamveka koyamba mu 2010 kuchokera ku Peru, m'dera la Amazon cha ku Iquitos, kumene pafupifupi 4 mwa 10 alionse a magazi amene anafufuzidwa anali ndi tizilombo topanda pfhrp2. Kwa ife a ku Africa phunziro lalikulu ndi la ku Eritrea. Kumeneko ogwira ntchito zachipatala anadandaula kuti odwala amene silaidi ikuonetsa falciparum akutuluka negetivi pa mRDT. Poyamba anakayikira makaseti, koma atawayesa anapezeka kuti ndi abwino. Mu 2016 anafufuza odwala 50 pa zipatala za Ghindae ndi Massawa, ndipo oposa theka anali ndi tizilombo topanda pfhrp2. Dzikolo linasiya kudalira makaseti a HRP2. Vutoli lakulanso ku Ethiopia ndi ku Djibouti, ndipo bungwe la WHO likuti tizilombo totere tapezekapo m'mayiko oposa 40. Chimene chimandigwira mtima pa nkhani ya Eritrea n'chakuti oyamba kuona sanali akatswiri a kunja. Anali anthu ngati inu ndi ine, amene anayerekeza silaidi ndi kaseti, n'kulemba, n'kunena.

Nanga timachulukana bwanji? Timathandizidwa ndi kayezedwe kathu komwe. Munthu amene ali ndi tizilombo ta HRP2 amapezeka, amamwa LA, tizilombo take timafa. Amene ali ndi topanda HRP2 amauzidwa kuti alibe malungo, amabwerera kumudzi, udzudzu umamuluma n'kukapatsira wina. Zili ngati kupalira munda n'kumasiya mtundu umodzi wa udzu chifukwa sukuoneka: pakapita zaka, munda wonse umakhala wa udzu umenewo.

Pali chinanso chimene chimatikhudza ife a m'madera a malungo ambiri ngati m'mbali mwa Ruo ndi Thuchila. Munthu wolumidwa ndi udzudzu kawirikawiri amakhala ndi mabanja angapo a tizilombo m'magazi nthawi imodzi. Banja limodzi likakhala lopanda HRP2, mabanja enawo amaipanga, kaseti imaonetsa mizere iwiri, LA amapha onse. Ndiye vutoli limabisika kumene malungo ndi ochuluka, n'kumaonekera kwambiri kumene malungo achepa, kapena m'nyengo yachilimwe pamene munthu amakhala ndi banja limodzi lokha. Tanthauzo lake n'lakuti masikito ndi katemera zikamatsitsa malungo, m'pamene tiyenera kutsegula maso kwambiri, ndipo wodwala wa mu Ogasiti amene silaidi ndi kaseti zasemphana ndi wofunika kumulemba kuposa wa mu Febuluwale.

Zinthu ziwiri zimene anthu akusokoneza. Kutaya jini ya HRP2 si kupima mankhwala. Kachilombo kotere kamafa ndi LA ngati kena kalikonse. Vuto lake ndi kupezeka, osati kuchizika. Kusintha kwa chibadwa kumene kumachititsa kuti artemisinin, mtundu wa mankhwala amene ali mu LA, achedwe kugwira ntchito kuli pa jini ina yotchedwa kelch13, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. Chachiwiri, palibe munthu amene angaone ndi maso, ngakhale pa maikulosikopu, kuti jini yasowa. Chimatsimikiza ndi PCR yokha, njira yoyezera DNA, m'malabu akuluakulu.

Mukhoza kukayikira vutoli pokhapokha izi zitatu zikakumana:

- silaidi yaonetsa falciparum, ndipo owerenga awiri odziwa ntchito agwirizana
- mRDT ya HRP2 yabwerezedwa bwinobwino, makamaka ndi loti ina, n'kukhalabe negetivi
- makaseti a loti yomweyo akuonetsa malungo bwino kwa odwala ena

Wodwalayo mupatseni mankhwala potengera silaidi. Asadikire zotsatira za kafukufuku.

Chizindikiro 4: wamaliza LA, koma mRDT ikuonetsabe malungo

Awa ndi mapazi otsala mbewa itachoka. HRP2 imakhala m'magazi masabata angapo tizilombo titafa, nthawi zina kupitirira mwezi. Choncho funso loyamba kwa aliyense amene watuluka pozitivi ndi lakuti, "Munamwa liti mankhwala a malungo komaliza?" Onaninso m'buku, poti ena amaiwala, ena anagula kugolosale.

1. HRP2 yotsalira, pamene kutentha thupi kukuchokera ku matenda ena. Fufuzani monga tanenera pa Chizindikiro 3.
2. LA sanamwedwe bwino. Amamwedwa ka 6 pa masiku 3, ulendo wachiwiri patatha maola 8 kuchokera pa woyamba, kenako m'mawa ndi madzulo. Amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta pang'ono: bere, mkaka, phala lotendera nsinjiro, kapena peyala, poti kuno mapeyala sasowa. Funsani mopanda kukalipa ngati mwana anasanza, ngati anasiya atapeza bwino, kapena ngati mapiritsi anagawana ndi m'bale wake. Mayi akaona kuti simukumuweruza amanena zoona.
3. Walumidwanso, ndi malungo atsopano. Zimachitika makamaka pakapita masabata angapo, m'nyumba yopanda masikito.
4. Mankhwala alepheradi ngakhale anamwedwa bwino.

Kaseti singasiyanitse zinayizi. Wodwala amene wabwerera akudwalabe patangopita masiku ochepa atamwa LA apite ku silaidi. Musamubwereze LA chifukwa cha mizere iwiri yokha. Silaidi ikaonetsa tizilombo, a kiliniko ndiwo aone za mankhwala ena.

Kumbukiraninso kuti akuluakulu ambiri ndi ana a sukulu kuno amayenda ndi tizilombo m'magazi osadwala. Mizere iwiri ikutanthauza kuti apatsidwe LA, inde, koma musatseke buku musanamve chifuwa chake.

Chizindikiro 5: odwala angapo motsatizana, silaidi ikuti alimo, kaseti ikuti mulibe

Wodwala mmodzi akhoza kukhala ngozi chabe. Atatu, anayi pa mwezi umodzi ndi uthenga. Tengani kaundula muone chimene chikuwalumikiza.

1. Woyeza ndi mmodzi? Khalani naye, muone manja ake kuyambira pobaya mpaka powerenga. Chitani izi mwaulemu, nthawi zambiri munthu anangophunzira pa makaseti a kampani ina ndipo palibe anamuuza kuti madontho asintha.
2. Loti ndi imodzi, kapena malo osungira ndi amodzi? Yezani magazi amene silaidi yatsimikiza ndi kaseti ya loti imeneyo, kenako ya loti ina.
3. Kodi silaidi ndiyo ikulakwa? Anzanga a mu labu, tivomereze kuti ifenso timaphonya. Zinyenyeswa za Giemsa (utoto wa pa silaidi) wosasefa, silaidi yotsukidwa mobwerezabwereza, maso otopa nthawi ya 3 koloko masana, zonsezi zimabala tizilombo timene kulibe. Mutu umodzi susenza denga: silaidi iwerengedwe ndi munthu wachiwiri amene simunamuuze zimene mwaona.
4. Zonsezi zikatsekedwa, m'pamene tinganene za jini. Onani ngati odwalawo akuchokera mudzi umodzi, kapena ngati anayenda ulendo m'masabata atatu apitawa. Kuno anthu amawoloka pa Muloza kupita ku Milange ndi kubwera tsiku ndi tsiku, ena amachokera kutali ndi malole, choncho lembani kumene munthu anagona, osati kumene amakhala kokha.

Apa lekezani, imbani kwa woyang'anira za malungo ku ofesi ya zaumoyo ya boma lino ndi kwa mkulu wa labu. Musasiye kugwiritsa ntchito mRDT panokha, ndipo musalengeze kumudzi kuti makaseti sakugwira ntchito. Kusintha mtundu wa makaseti ndi chigamulo cha Unduna wa Zaumoyo kudzera ku nthambi yolimbana ndi malungo, ndipo pali muyezo wake. WHO imalangiza kusintha pamene odwala falciparum oposa 5 pa 100 alionse akuphonyedwa chifukwa cha kusowa kwa jiniyi. Chifukwa cha malire amenewo n'chakuti makaseti a pLDH, ngakhale amapeza tizilombo topanda HRP2, ambiri mwa iwo amaphonya pang'ono kuposa a HRP2 tizilombo tikakhala tochepa. Kusintha nthawi isanakwane kukhoza kutayitsa odwala ambiri kuposa amene tingawapulumutse.

Podikira yankho, sungani umboni. Lembani m'kabuku kapadera tsiku, zaka za wodwala, mudzi, ulendo, mankhwala amene anamwa posachedwa, dzina la makaseti, nambala ya loti, deti yothera ntchito, ndi zimene owerenga awiri aja apeza. Silaidi musaitsuke, ikulungeni muisunge. Patulani makaseti angapo osatsegula a loti yomweyo. Akakuuzani kuti mutenge magazi, mufotokozereni wodwala kapena kholo chifukwa chake, avomere, ndipo muwatenge asanamwe LA. Amadonthezedwa pa khadi la DBS, longa lija timatengera magazi a makanda poyeza HIV. Khadilo liume pamthunzi, pamalo osafika ntchentche ndi nyerere, kwa maola osachepera 3, ndipo masiku a chinyezi lisiyeni usiku wonse. Likaumitsitsa liikeni m'kathumba ka pulasitiki kakekake pamodzi ndi kathumba koyamwa chinyezi, nambala ya pa khadi ifanane ndi ya pa silaidi ndi ya m'kabuku.